Chifu cha Ng'ombe ndi Dzina Lake la Kunja



Mwezi uno tilingalire liwu limodzi lachilendo limene ana athu akukumana nalo m'mabuku a Chingerezi, limenenso abale athu ogwira ntchito ku South Africa ndi ku Zimbabwe amaliona litalembedwa m'mabutchala. Liwulo ndi tripe. Munthu wa kuno kwathu, amene khutu lake linazolowera Chipwitikizi, akangolimva amafulumira kunena kuti, "Aa, amenewo ndi matumbo," pakuti limamveka ngati tripa. Sanaphonyeretu, koma sanalasenso. Mawu awiriwa ndi apachibale, obadwa m'mimba imodzi, koma anakulira m'midzi yosiyana ndipo lililonse linatenga khalidwe lake. Pa Chipwitikizi tripa kwenikweni ndi thumbo, lomwe lija amalitsuka ndi kulongamo nyama popanga chouriço. Pa Chingerezi tripe si thumbo ayi, koma chifu: chifu cha ng'ombe, cha nkhosa kapena cha mbuzi, chitatsukidwa ndi kukonzedwa kuti chilowe mumphika. Chodabwitsa n'chakuti liwu lomweli Angerezi amanyozeranso. Munthu akayankhula zopanda mutu, kapena akalemba nkhani yopanda nzeru, iwo amati zonsezo ndi tripe. Tsono funso nali: zinatheka bwanji kuti dzina la ndiwo zimene ife timazikhalira pansi ndi ulemu lisanduke chitonzo?

Tisanafike kumeneko, tiyambe taona chinthu chenichenicho. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa ndi nyama zobzikula, liwu limene ambiri a ife tinaliphunzira powerenga Levitiko 11. Udzu ndi chakudya chovuta. Munthu atati adye udzu angafe ndi njala mimba ili yodzaza. Koma chifu cha nyama zimenezi chili ndi zipinda zinayi, ndipo chipinda chilichonse chili ndi ntchito yake, maonekedwe ake ndi kakomedwe kake.

Chipinda choyamba ndicho chachikulu koposa. Apwitikizi amachitcha pança. M'ng'ombe yaikulu chimatha kulowa malita opitirira 100, ndiko kunena kuti zigubu zisanu za malita 20, mwinanso kuposapo. M'kati mwake muli timinofu tambirimbiri tonga ubweya wa thaulo, n'chifukwa chake ogulitsa nyama a ku England amachitchula ndi dzina la bulangete. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa udzu, monga momwe chimera chimasinthira phala kukhala thobwa. Ng'ombe imameza udzu mothamanga ili kubusa, kenaka imagona pamthunzi ndi kuubweza m'kamwa pang'onopang'ono kuti iutafunenso. Kubzikula kuja n'kumeneku. Chipinda chachiwiri, barrete, n'chaching'ono, ndipo m'kati mwake mumaoneka ndendende ngati chisa cha njuchi. Ophika ambiri a kunja amati chimenechi ndicho chokoma kuposa zonse, chifukwa chimafewa bwino ndipo timaenje take timasunga msuzi. Ndi m'menemonso momwe mumakodwa misomali ndi tizidutswa ta waya timene ng'ombe yameza pamodzi ndi udzu. Amene amapha ziweto zodya m'mbali mwa misika angachitire umboni kuti masiku ano m'chipinda choyamba chija mumapezekanso mapepala a pulasitiki atapotana ngati chingwe, ndipo chiweto chotere chimangoonda ngakhale msipu uli wobiriwira.

Chipinda chachitatu ndicho chimandisangalatsa ine. Mukaching'amba mumapeza masamba ambiri opyapyala, osanjikizana ngati masamba a buku. Apwitikizi amati folhoso, kuchokera ku liwu lawo la tsamba. Ophunzira akale a ku Ulaya, polemba m'Chilatini, anachitcha psalterium, kutanthauza buku la Masalimo, ndipo mpaka lero alipo ogulitsa nyama olankhula Chingerezi amene amachitcha Baibulo. Sikuti ankachita mwano. Buku limene munthu wamba ankaliona kawirikawiri, lochindikala ndi la masamba ochuluka, linali lomweli. Ntchito ya masambawo ndi kuyamwa madzi m'chakudya. Amayi amene anachitsukapo akudziwa kuti buku limeneli siliwerengedwa modumphadumpha: tsamba lililonse liyenera kutsegulidwa palokha, apo ayi mudzakumana ndi mchenga ndi udzu m'mbale. Chipinda chachinayi, coalheira, ndicho chofanana ndi chifu chathu anthufe, chogaya chakudya ndi madzi owawasa. M'chipinda chimenechi, pamene ng'ombe ikadali mwana woyamwa, mumachokera mankhwala oundanitsa mkaka amene opanga tchizi akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale.

Ife zonsezi timangoti chifu, kapena timaziphatikiza ndi matumbo, chiwindi, mapapo, mtima ndi impso n'kunena kuti zam'kati kapena zam'mimba. Mayina ndi ochepa, koma mpeni wa wosenda mbuzi umadziwa polekezera chilichonse.

Tsono tibwerere ku liwu lija. Angerezi sanalipange okha. Analibwereka ku Chifalansa. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake olamulira a dzikolo ankayankhula Chifalansa. Mawu ambiri a kukhitchini analowa m'Chingerezi nthawi imeneyo, ndipo tripe likupezeka m'zolembedwa zawo kuyambira cha m'ma 1300. Abale ake ali ponseponse kum'mwera kwa Ulaya: Afalansa amati tripe, a ku Italy amati trippa, a ku Spain ndi a ku Portugal amati tripa. Kwa zaka mazana ambiri liwuli linali dzina la chakudya cha anthu wamba, ndipo chakudyacho chinkakondedwa. Pamene mafakitale oomba nsalu anachuluka kumpoto kwa England, ku Manchester ndi m'matauni ena a ku Lancashire, chifu chinasanduka ndiwo za antchito. Mayi wochokera kufakitale madzulo analibe nthawi yosonkhezera moto maola anayi, motero panabadwa ntchito ya anthu otsuka ndi kuwiritsiratu chifu, n'kumachigulitsa chokonzakonza. Ena ankachidya chozizira, atangothira mchere ndi viniga. Ena ankachiphika mumkaka pamodzi ndi anyezi. M'zaka za m'ma 1950 kampani imodzi yokha, United Cattle Products, inali ndi masitolo ndi malo odyera 146 m'chigawo chimenecho. Palibe amene angatsegule masitolo 146 ogulitsa chinthu chopanda pake.

Koma chitonzo chinali chitayamba kale kumera, ndipo mlembi wina wotchuka anachiona msanga. M'chaka cha 1844 Charles Dickens anatulutsa kabuku kotchedwa The Chimes. M'menemo muli nkhalamba yosauka, Toby Veck, imene ntchito yake inali kudikira pafupi ndi khomo la tchalitchi kuti wina aitume kukapereka kalata. Tsiku lina lozizira mwana wake wamkazi anaibweretsera chifu chotentha, ndipo nkhalambayo inakhala pamasitepe a nyumba ina n'kuyamba kudya mokondwera. Isanamalize, m'nyumbamo munatuluka mabwana atatu. Mmodzi wa iwo anayamba kuwerengetsa masamu osonyeza kuti chifu chimatha kwambiri pophika, kotero kuti wosauka wodya chifu ndi wosakaza chuma cha dziko. Nkhalamba ija inagwidwa ndi manyazi, ndipo kachidutswa kotsala kanadyedwa ndi mmodzi wa mabwana omwewo. Nthanoyi ndi yopeka, koma Dickens ankawadziwa anthu a m'dziko lake. Wonyoza mbale ya mmphawi kawirikawiri sakhala kuti wakhuta. Chimene chamunyansa ndi mwini mbaleyo.

Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, liwu lija linali litayamba kutanthauza nkhani zachabechabe. Mu 1936 George Orwell anapita ku Wigan kukaona umphawi wa anthu a m'migodi ya malasha, nagona m'nyumba ina imene inali ndi kasitolo ka chifu. Uve umene anaufotokoza m'buku lake la 1937, The Road to Wigan Pier, unamatirira m'maganizo a owerenga ambiri. Kenaka kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene boma linkagawa nyama mopima, ndipo kupimako kunapitirira mpaka 1954. Anthu amene anakulira m'zaka za kusowa zimenezo, atayamba kupeza ndalama, anafuna nyama ya minofu, nasiya zonse zowakumbutsa masiku a usiwa. Masitolo aja anatsekedwa limodzi ndi limodzi. Lero ku England alipo ambiri amene amalidziwa liwuli ngati chitonzo chokha, ndipo chifu chosayeretsedwa chimagulitsidwa kwambiri ngati chakudya cha agalu.

Pali chinanso chimene chinathandiza kuchotsa ulemu wa ndiwozi kumeneko, ndipo mlandu wake uli pa okonza. Chifu chogulitsidwa m'masitolo a kunja chimayeretsedwa ndi mankhwala mpaka kuchita kuti mbee ngati nsalu ya bafuta, ndipo chimawiritsidwa kale kufakitale. Chikatero fungo limachoka, inde, koma kukoma nakonso kumatsagana nalo. Chotsala ndi chinthu choyera, choterera, chosamveka kanthu m'kamwa. Munthu amene analawa chokhachi ndi wosadabwitsa akamatcha nkhani yosakoma ndi dzina lake. Koma kumeneko ndi kuweruza chimanga polawa gaga.

Tsono taonani mmene liwu la m'banja lomwelo linayendera ku Portugal. Anthu a mumzinda wa Porto amatchedwa tripeiros, ndiko kuti odya zam'mimba, ndipo dzinali amalinyadira. Nkhani imene iwo amasimba ndi ya chaka cha 1415. Mfumu João Woyamba inakonza zombo zoti zikalande Ceuta, mzinda wa kumpoto kwa Africa. Mwana wake, Infante Dom Henrique, amene anabadwira ku Porto komweko mu 1394, ndiye anayang'anira kukonza gawo la zombozo mumzindawo. Akuti anthu a ku Porto anapha ziweto zawo, nathira mchere nyama yonse ya minofu kuti ikhale kamba wa asilikali, iwo n'kutsala ndi zam'kati zokha, zimene sizikanatha kusungika paulendo wa panyanja. Pa 21 Ogasiti 1415 Ceuta anagwa. Ife a ku Mozambique nkhaniyi sitiimva ngati ya kutali, pakuti ulendo umenewo ndiwo unatsegula khomo la maulendo ena aja, amene anafikitsa Vasco da Gama pa Ilha de Moçambique mu 1498, ndi Apwitikizi ena ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Zimene zinatsatira tikuzidziwa, ndipo si zonse zokoma kuzikumbukira. Koma pa nkhani ya liwu lathuli, mfundo ndi yakuti chinthu chimodzimodzi, chotsala cha ng'ombe, kwina chinakhala chizindikiro cha umphawi, kwina chizindikiro cha mzinda umene unapereka zabwino zake zonse n'kukhutira ndi zotsala.

Chakudya chawocho chimatchedwa tripas à moda do Porto. Ngakhale dzinalo likunena za matumbo, chimene chimalowa mumphika ndi chifu, makamaka cha ng'ombe yaing'ono. Amachiwiritsa pachokha, kenaka amachiphatikiza ndi chiboda cha ng'ombe, chouriço, nyama ya nkhumba, nthawi zina ndi nkhuku, karoti, anyezi ndi nyemba zoyera, nathira zonunkhiritsa monga cominho, ndipo amadyera mpunga. Pano pali kanthu koseketsa. Nyemba zimenezi kwawo ndi ku America, ndipo zinafika ku Ulaya pambuyo pa 1492. Ndiye kuti anthu a mu 1415 aja, ngati anadyadi chifu, anachidya chopanda nyemba. Mphika umene tikuudziwa lerowu unadzapsa patapita mibadwo. Ku Lisboa chakudya chofanana nachi amachitcha dobrada, ndipo ndi dzina limeneli limene linafika kwathu kuno. Aliyense amene anadyapo m'malo odyera a ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo anaionapo dobrada ya nyemba. Ku Brazil amati dobradinha. Choncho mwana wa sukulu akafunsa kuti tripe pa Chipwitikizi n'chiyani, yankho lolasa ndi dobrada, ndipo pa chinenero chathu ndi chifu.

Apwitikizi alinso ndi mwambi woti fazer das tripas coração, kusandutsa matumbo kukhala mtima. Amanena zimenezi za munthu amene mphamvu zamuthera koma akulimbikabe, monga mayi wamasiye wophunzitsa ana asanu ndi khasu lokha. Apa zam'kati si chinthu chonyozeka. Ndi nkhokwe yomaliza ya munthu. Agiriki akale nawonso ankaona zam'kati ngati malo a chifundo. Liwu lawo ndi splanchna, ndipo pa Luka 10 ndi Luka 15, pamene Baibulo lathu likunena za chifundo cha Msamariya uja ndi cha atate a mwana wolowerera, Chigiriki chili ndi mneni wochokera ku liwu limeneli. Ndi zimene ifenso timadziwa: uthenga woopsa ukafika, choyamba kutembenuka ndi m'mimba.

Mitundu ina yambiri ili ku mbali ya Porto. Ku Caen, m'chigawo chomwe chija cha Normandy kumene William anachokera, amaika zipinda zonse zinayi mumphika wadothi pamodzi ndi ziboda, karoti, anyezi ndi chakumwa cha maapozi, namata chivundikiro ndi ufa wokanda kuti nthunzi isathawe, n'kuusiya pamoto wochepa usiku wonse. Ku Firenze, ku Italy, chipinda chachinayi chija amachitcha lampredotto, ndipo amachigulitsa m'misewu atachiika pakati pa mkate. Mabwana ndi amisiri amaima pamzere umodzi. Ku Roma ogulitsa nyama ankagawa ng'ombe m'magawo anayi, ndipo zam'kati, mutu, mchira ndi ziboda ankazitcha quinto quarto, gawo lachisanu la magawo anayi. Antchito a kophera ng'ombe ku Testaccio ankalandirako zimenezi ngati mbali ya malipiro awo, ndipo m'makhitchini a mabanja awo ndimo munachokera ndiwo zimene lero alendo olemera amazilondola. Ku Mexico kuli msuzi wa chifu wotchedwa menudo. Abale athu a ku South Africa akudziwa mogodu, ndipo a ku Zimbabwe akudziwa maguru. Mndandanda ungapitirire, koma taonapo zokwanira.

Ndikulemba izi chifukwa chinenero sichibwera chokha. Chimabwera ndi kununkha kwake. Mwana akaphunzira kuti dzina la chifu limatanthauzanso zachabechabe, amayamba kuyang'ana mphika wa amake ndi diso lina. Ndaona m'maukwati ena kuti mbuzi ikaphedwa, zam'kati zimabisidwa kuseri kwa nyumba ngati chinthu chochititsa manyazi, pamene alendo a kutauni akupatsidwa minofu youma yokazinga mothamanga, yoti mano achite kulimbana nayo. Chonsecho ambiri mwa alendowo mtima wawo uli ku mphika wa kuseri uja. Ife tili m'dziko la ziweto. Ng'ombe za mtundu wa Angoni zimawetedwa kumapiri athu a Angónia, ndipo mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka kotero kuti mu 2018 dzina loti Cabrito de Tete linalembetsedwa kuti litetezedwe ndi lamulo. Banja limene laweta mbuzi zaka ziwiri, kuithamangitsa m'minda ya anthu ndi kuilipirira milandu, silingakwanitse kunyoza gawo lililonse la nyama yake. Ndiponso asayansi oyeza zakudya amapeza kuti magalamu 100 a chifu cha ng'ombe chachiwisi ali ndi magalamu pafupifupi 12 a zomanga thupi, ndi mafuta osapitirira magalamu 4, kuwonjezapo vitamini B12 ndi zinki. Kwa mwana amene nyama amaiona kamodzi pamwezi, zimenezi si zoseweretsa.

Komatu walira mvula walira matope. Ulemu wa chifu uli m'katsukidwe, ndipo apa ndiye pamene pagona nkhani yonse. Chifu ndi thumba la udzu wosasa ndi tizilombo, ndipo chimayamba kuwonongeka msanga kuposa nyama ina iliyonse. N'chifukwa chake makolo athu ankapha chiweto m'mamawa kusanatenthe, ndipo mphika woyamba kukhala pamafuwa unali wa zam'kati. Potumbula, wosenda achenjere kuti asaboole chifu chikadali m'kati, ndiponso achotse ndulu yathunthu, pakuti ikaphulika imawawitsa zonse zimene yakhudza. Chifucho chitengeredwe patali, kutali ndi chitsime kapena mjigo, ndipo madzi otsukira atayidwe m'dzenje, osati mumtsinje umene ena amatungamo kumunsi. Buku la Levitiko, pofotokoza za nsembe yopsereza m'mutu woyamba, limalamula kuti matumbo ndi miyendo zitsukidwe ndi madzi. Ngakhale chopita pamoto wa guwa sichinkapita ndi uve wake.

Mukakhuthula udzu uja, tembenuzani chifucho ndi kuchitsuka m'madzi ozizira kangapo, mukuchitikita ndi mchere wamiyala ndi mandimu. Ena amachiviika kanthawi kochepa m'madzi otentha, osati obwata, kenaka n'kupala khungu lakuda lija ndi mpeni kapena supuni mpaka chiyere. Ena amalisiya, nati kukoma kuli m'khungu lomwelo. Pa mbuzi ine ndili ku mbali ya osiya. Pa ng'ombe yaikulu, imene khungu lake ndi lochindikala ndi la fungo lamphamvu, kupala n'kwabwino. Sopo asayandikire, chifukwa fungo lake limalowerera ndipo silichoka. Mpeni, thabwa ndi beseni zimene zagwira chifu chachiwisi zitsukidwe zisanakhudze tomato kapena ndiwo zamasamba, ndipo manja asambidwe ndi sopo bwinobwino. Matenda otsegula m'mimba amene amatsatira maphwando ena sachokera mumphika umene wabwata maola atatu. Amachokera pa mpeni umene unadula chifu n'kukadulanso kabichi wodya wosaphika.

Ndipo chiweto chodzifera chokha chisadyedwe, zam'kati zake makamaka. Ng'ombe ikagwa mwadzidzidzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo, isatumbulidwe n'komwe, pakuti matenda a anthrax, amene Apwitikizi amati carbúnculo, amagwira ndi wosenda yemwe. Itanani alangizi a ziweto. Kutaya ng'ombe kumawawa, koma maliro amawawa koposa.

Pa mbuzi, luso lathu lalikulu ndi nthumbwana. Chifu chimadulidwa tizidutswa totalika ngati chala, pakati n'kuikapo kamafuta kapena kachidutswa ka mapapo, ndipo thumbo laling'ono lotsukidwa bwino limakulungidwa mozungulira mpaka kumanga mfundo kumapeto. Apa mawu awiri aja, tripe ndi tripa, amakumana m'chidutswa chimodzi, chifu m'kati, thumbo kunja. Si ntchito ya munthu wothamanga. Wokulunga molekerera amapeza mumphika muli zingwe zokhazokha.

Kuphika kwake kumafuna kudekha kwa uja wofuna kuona maso a nkhono. Chifu ndi mnofu wolimba wolukana ndi mitsempha yambiri, ndipo mitsempha imeneyi siimva moto waukali. Moto waukali umangoikhwimitsa ngati mphira. Imasungunuka ndi kutentha kofatsa kwa nthawi yaitali, ndipo ikasungunuka ndiyo imapatsa msuzi kulemera kuja kumene kumamata milomo. Yambani ndi kuwiritsa chifucho mphindi khumi, mutaye madzi oyambawo pamodzi ndi thovu lake. Thirani madzi ena, muikemo anyezi wathunthu, adyo ndi mchere pang'ono, muvundikire, ndipo pansi pakhale chikuni chimodzi cholimba m'malo mwa tinkhuni tambiri tolilima. Cha mbuzi chimapsa pa ola limodzi ndi theka kapena awiri. Cha ng'ombe chimafuna maola atatu, mwina anayi ngati ng'ombeyo inali yokalamba pa goli. Muyeso wake si wotchi koma chala: kachidutswa kakadukira pakati pa zala ziwiri popanda kulimbana, chapsa. Soda amafewetsa msanga, koma amasiya chifu chili phalaphala ndi kakomedwe ka phulusa. Ndi njira ya munthu amene wachedwa kusonkha moto.

Tomato alowe pomalizira. Kazingani anyezi m'mafuta pang'ono, muikemo tomato ndi tsabola wa kambuzi monga mwa mphamvu ya lilime la a m'nyumba mwanu, kenaka chifu chija ndi msuzi wake, zibwatire pamodzi theka la ola. Ofuna dobrada aphike nyemba padera, chifukwa nyemba zouma zikakumana ndi tomato zisanafewe zimakanika mpaka madzulo. Zikafewa ndiye muziphatikize. Ife a ku Angónia ndi ku Tsangano tili ndi mwayi wa mbatata ya kachewere, imene imamwa msuzi umenewu bwino kwambiri, koma iikidwe mphindi makumi awiri zomaliza kuti isaphwanyike. Chifu cha ng'ombe chimachepa ndithu pophika, pa ichi bwana wa m'nthano ya Dickens uja sananame, choncho wogula pamsika aonjezeko pa muyeso umene akanagula nyama ya minofu.

Zikatsalako, musazisiye mumphika wofunda usiku wonse m'nyengo yotentha. Zibwatitseninso musanagone, muvundikire, osaikamonso chipande, ndipo muziike pamalo ozizira koposa m'nyumba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumapiri kuno, mudzapeza m'mawa msuzi utaundana ngati phala lozizira, moti mungaudule ndi mpeni. Sikuti wawonongeka, ndi mitsempha ija imene inasungunuka dzulo. Ubwezereni pamoto mpaka ubwate ndithu, ndipo nsima yake ikhale ya mgaiwa.